Malasha a M'chitini cha Ababa

Ababa anabwera kudzakhala kwanga ku Bangwe chaka chimene amayi anamwalira, ndipo katundu wawo yense anakwana pa wilibala imodzi: matiresi, chikwama cha zovala, wailesi, ndi chisoti cha kumgodi. Chitini cha mabisiketi chomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga sanalole kuti chikwere wilibalayo. Anachinyamula okha m'khwapa kuchokera pa siteji mpaka kunyumba, akuima katatu panjira kuti apeze mpweya. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinali nditasiya makina anga osokera pakhonde la golosale, mayunifolomu a ana a eni ake ali osamaliza.

Ndinene msanga zimene zinali m'chitinimo, poti ine ndinazidziwa mochedwa ndipo sindikufuna kuti inunso muvutike. Munali chibuluma cha malasha, chachikulu ngati nkhonya ziwiri, chokulungidwa m'malaya akale. Ndikunena malasha aja okumba pansi, osati makala a mitengo amene timagula pamsika. Kwa ababa chibulumacho chinali mng'ono wawo amene anatsalira pansi mumgodi, ndipo anali ndi ntchito yokamuika kwawo. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ababa anali ndi mng'ono. Ndinachiwotcha pa mbaula masanasana, anthu akuimba nyimbo.

Ababa kwawo kunali kutsidya kwa malire, kuseri kwa Mulanje. Anathawako nthawi ya nkhondo ali mnyamata, n'kukapeza ntchito ku mgodi wina wa malasha m'mapiri a kumpoto. Mgodiwo utatsekedwa anatsikira ku Blantyre kuno, ndipo poti chimene manja awo ankadziwa ndi fosholo, anawalemba pa fakitale ina ku Chirimba kuti azithira malasha mu boyila, ng'anjo yaikulu yowiritsira madzi. Ine ndinabadwira ku Ndirande zonsezo zitapita kale. Za mgodi sankakamba. Ukawafunsa ankangoti, "Kunali mdima," basi nkhani yatha.

Komabe mgodiwo tinakula nawo m'nyumba. Chisoti chawo amayi ankatungira gaga wa nkhuku. Ababa akalowa m'nyumba ya munthu aliyense, asanapereke moni, maso ankayamba apita kudenga, ndipo akaona mtanda wopindika ankaugogoda ndi ndodo n'kutchera khutu, ife manyazi ali tho. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi chitseko. Kuimba mluzu m'nyumba kunali mlandu waukulu kuposa kuswa mbale. M'manja mwawo munali timabala takuda tosachoka ngakhale utakwecha ndi mwala. Ndiye panali chifuwa. Chifuwacho ndinachizolowera ngati mmene anthu a m'mbali mwa njanji amazolowerera sitima, moti tili ana tinkadziwa kuti ababa afika pa siteji tisanawaone.

Chitini chinkakhala pamwamba pa kabati. Nditafunsa amayi ndili wamng'ono anandiyankha kuti, "N'za abambo ako, usadzakhudze." Achimwene anga, amene pano ali ku Joni, ankatiopseza kuti muli chala cha munthu. Tinakula, tinachiiwala.

Atabwera kwanga ku Bangwe chifuwa chija chinali chitakula msinkhu. Kuchipatala anayamba ndi kunena kuti ndi TB. Anamwa mankhwala miyezi yonse imene anauzidwa, ine ndikuchonga pa khadi, koma osasintha. Anabwerezanso, osasinthabe. Pamapeto pake dokotala wina anawajambula m'chifuwa, n'kundiitana kuti ndione chithunzicho pa windo. Anafunsa ngati bambowa anagwirako ntchito ya fumbi. Nditati mgodi ndi boyila, anangogwedeza mutu. Anati fumbi la malasha linakhazikika m'mapapo, silituluka, palibe mankhwala olichotsa, tizingowasamala.

Tizingowasamala! Mawu amenewa ndi opepuka pakamwa pa munthu wovala gawuni yoyera. Amene ankadzuka m'mamawa kukatunga madzi ku kiyosiki ndi ine. Kutenthetsa madzi osamba, ine. Kutsuka kachitini kolavuliramo, ine. Kuwakweza minibasi ya ku Limbe, kondakitala akukuwa kuti agogo fulumirani, ine ndikulimbana naye pakamwa mpaka okwera onse kutembenuka. Ndikafika pa makina dzuwa lili pamutu, makasitomala atandidikira nkhope zili gwa. Achimwene ankaimba foni Lamlungu n'kumati, "Muziwapatsa zipatso, sisi." Zipatso! Ndinkangoti chabwino, foni n'kuiponya pa bedi.

Ndinatopa. Ndinene zoona zake, poti amene akanandidzudzula anapita: analipo masiku amene ndinkati ndikamva chifuwa chawo m'mawa, mumtima ndinkati, aa, adakalipo. Kenako ndinkadzida tsiku lonse, n'kukawagulira nthochi.

Pafupi ndi ine pankakhala mayi wina wogulitsa tomato, amene ankatsogolera gulu la amayi a mapemphero Lachitatu lililonse masana. Musamuganizire zoipa mayi ameneyu. Ndi iye amene ankasuzumira ababa ine ndikakhala ku makina, kuwapatsa phala, kuwatulutsa padzuwa. Tsiku lina anandikokera kuseri kwa bafa.

"Achemwali, musandiyese woipa," anatero. "Bambo aja m'mawa uliwonse inu mukachoka amatsitsa chitini chija, n'kuika dzanja pamwamba, milomo ikugwedera. Inu mukudziwa zimene zili m'menemo?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye mukudabwa kuti chipatala chalephera? Anthu a kumigodi ankakhwima, achemwali. Ankatenga zinthu zoti mwala usawagwere. Zinthu zimenezo zikakalamba zimatembenukira mwini wake. Chawamanga pachifuwa n'chimenecho."

Ine ndinapita kusukulu mpaka Fomu 2, ndipo chithunzi cha dokotala ndinachiona ndi maso angawa. Koma dokotala anati palibe chochita, pamene mayiyu ankati chilipo. Munthu wotopa amamvera amene wamupatsa chochita.

Madzulo ake ndinawafunsa ababa, ndikuwapatsa tiyi. "Ababa, kodi m'chitini muja muli chiyani?"

"Siya," anatero.

Kwathu bambo sawafunsa kawiri. M'mawa mwake ali kubafa ndinamasula mphira uja ndekha. Ndinapeza chinthu chakuda bii, cholemera, chokulungidwa m'malaya a khaki, chomangidwa ndi chingwe mfundo zitatu. Koma taonani utelala: ngakhale ndinali ndi mantha, maso anga anaona kuti kolala ya malayawo inatembenuzidwa ndi kusokedwa pamanja, ndiponso kuti mapewa ake anali aang'ono, sakanawakwana ababa ngakhale ali mnyamata. Ndinaona, koma sindinadzifunse kuti nanga malayawa ndi a yani. Ndinamanganso n'kubwezera pa kabati.

Lachitatu linafika. Tinali titachokera kuchipatala m'mawa, ndipo ababa atadya anagona tulo tofa nato, monga ankachitira akakwera minibasi. Amayi a mapemphero aja anabwera asanu ndi mmodzi. Tinakoleza mbaula pabwalo, makala n'kuyaka bwinobwino. Ine ndi amene ndinalowa m'chipinda monyang'ama n'kutsitsa chitinicho. Palibe anandikakamiza. Mayi wa tomato anamasula mfundo zija akupemphera, n'kuponya malaya pamoto. Chibuluma chinakana kugwira moto. Amayi anati mwaona, chikulimbana nafe. Ndinatenga hamala n'kuchiswa zidutswazidutswa, n'kuziika pakati pa makala, wina akukupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

Chitagwira, chinatulutsa utsi wachikasu, wonunkha ngati phula losakaniza ndi mazira owola. Ena anatseka mphuno ndi zitenje. Nyimbo inakwera.

Nyimboyo sindiyo inawadzutsa ababa. Linali fungo. Munthu amene wapuma malasha moyo wake wonse sangawasokoneze ndi utsi wina uliwonse. Ndinangoona ali pakhomo, opanda nsapato, atagwira mphuthu ya chitseko, maso ali pa mbaula. Kenako anathamanga. Munthu amene sankatha kufika kuchimbudzi osapumira panjira, anathamanga ndithu, manja ali kutsogolo kuti akatole zidutswazo pamoto.

Tinawagwira. Amayi awiri mbali iyi, ine mbali inayo. Ndinawagwira dzanja lamanja ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mpaka lero ndimakumbukira kuwonda kwake. Ankafuna kulankhula koma chifuwa chinawatsekereza, mawu ankangotuluka odukaduka: "Mng'ono wanga... mng'ono wanga..."

"Mwamva?" anakuwa mayi wa tomato. "Chadzitchula chokha! Tuluka! Tuluka!"

Ndipo tinakuwa tonse, inenso ndinakuwa nawo. Tinawagwira mpaka mphamvu zinawathera, anakhala pansi pafumbi, akungoyang'ana moto. Malasha amachedwa kunyeka, abale. Tinaimba nyimbo zonse zimene tinkadziwa mpaka kuyambanso zoyamba zija. Moto utazilala mayi uja anati phulusa lisagone pakhomo, likatayidwe m'madzi oyenda. Ndinalinyamula ndekha pa chitsulo cha mbaula n'kukalikhuthulira mu kamtsinje ka kumunsi kwathu, kamene kamatenga zonyansa za Bangwe yense. Ndinabwerako mtima uli mbee, ndikuganiza kuti ndagwira ntchito.

Ababa sanalankhule masiku atatu. Anatembenukira kukhoma. Phala ankalisiya mpaka kuchita khungu pamwamba. Chifuwa sichinasinthe ngakhale pang'ono, ndipo utsi uja unachiwonjezera. Mayi wa tomato ankati n'chimodzimodzi munthu wochotsedwa dzino, poyamba pamapweteka. Ine ndinayamba kuda nkhawa.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinawatulutsa pakhonde kuti ndiwamete ndevu. Ndili pakati powapaka sopo anafunsa, osandiyang'ana, "Phulusa unaika kuti?"

"Kumtsinje, ababa."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti akomoka. Kenako anayamba kulankhula, pang'onopang'ono, mawu atatu n'kupuma, mawu atatu n'kupuma, ine lezala lili m'manja.

Anati pothawa nkhondo sanathawe okha. Anatenga mng'ono wawo, ndipo amayi awo anawaperekeza mpaka pamtsinje wa m'malire n'kuwauza kuti, wamtenga ndiwe, udzambweze ndiwe. Ku mgodi kuja ankagwira gulu limodzi. Tsiku lina denga linayamba kulankhula, monga ankanenera iwo, timiyala tikugwa tokha. Kapitawo anati aliyense atuluke. Ababa anatuluka, akuganiza kuti mng'ono wawo ali m'mbuyo mwawo. Iye anali atabwerera kukatenga nyali. Anthu anakumba masiku angapo kumufunafuna, denga likugwabe, mpaka akuluakulu a mgodi anati basi, tingataye ena. Njira imeneyo anaitseka ndi khoma la njerwa.

"Tisanatseke," anatero ababa, "mkulu wa gulu lathu anaswa malasha pamalo pamene tinalekezera kukumba. Anakulunga m'malaya a mwanayo. Anandipatsa. Ndi mmene tinkachitira kumeneko. Munthu akatsala pansi, m'bale wake amatenga malasha a pamalopo, ndiye thupi limenelo. Umakaika kwanu, pamanda, monga maliro. Ndipo sutchula dzina lake, sukamba za iye, mpaka utamufikitsa. Ukamutchula panjira amatsika pomwepo."

"Nanga bwanji simunapite naye, ababa?"

"Kunali nkhondo."

"Nkhondo inatha ine ndili mwana."

Apa ndiye anandiyang'ana. "Ndinalembera amayi kalata kuti wapita ku Joni. Ndinkati ndikapeza mtima ndipita ndikanene zoona. Chaka chino, chaka chamawa. Amayi anamwalira akumudikira. Pamaliro awo sindinapite, ndinaopa. Amayi ako ankadziwa, ankandikumbutsa Khirisimasi iliyonse. Nditabwera kuno ndinati ndikangopeza bwino pachifuwa, ndikupempha undiperekeze."

Ndinamaliza kuwameta, chifukwa sindikanawasiya ndi sopo mbali imodzi. Kenako ndinalowa m'bafa n'kulira mokuwa, chitenje ndili nacho kukamwa. Ndinakwiyira mayi wa tomato, ndinakwiyira amayi anga m'manda momwemo chifukwa chosandiuza, ndinakwiyira ababa ndi "siya" wawo uja. Mawu amodzi okha akanandiuza! Koma mwambo wawo unawatseka pakamwa, ndipo hamala inali m'manja mwanga.

Mayi wa tomato nditamufotokozera anagwira pakamwa, n'kukhala pansi pa mwala. Sanabwerenso Lachitatu. Ankangotumiza tomato, ine n'kumalandira, poti ndiwo zinkafunikabe.

Ndinaganiza zokonza. Kasitomala wanga wina mwamuna wake amayendetsa thiraki ya kumpoto, ndiye ndinamupempha mwamunayo kuti akadutsa kumeneko akanditolere malasha pakhomo pa mgodi wakalewo. Patapita milungu iwiri anabwera yekha pa makina, n'kundionetsa zithunzi pafoni. Tchire lokhalokha. Chipupa chimodzi cha nyumba ya injini, mtengo utamera pakati. Njanji za ngolo anthu anazula kalekale n'kukagulitsa kwa a zitsulo. Anati msewu wokwera kumeneko unakokoloka, iye anayenda wapansi, ndipo anyamata amene anawapeza akudyetsa mbuzi anamuonetsa maenje anayi okwiririka, osadziwa kuti khomo lenileni linali liti. Mmodzi anamuuza kuti kunabwera anthu ena ndi makamera, akuti akufuna adzakonze malowo kuti alendo azidzaona mbiri. Ndinaseka mopanda chimwemwe. Mbiri ndinali nayo ine kunyumba, ikulavulira m'kachitini.

Dalaivalayo sanatole kanthu. Anati sakanadziwa potola, ndipo kunena zoona ankaopa.

Ndiye ndinachita chinthu chachiwiri chopusa. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Chirimba, n'kuyenda m'mbali mwa mipanda ya mafakitale kufunafuna pamene pakutuluka utsi wakuda. Fakitale ya ababa ija pano ndi nyumba yosungiramo katundu, chumuni chake chili chiimire chopanda utsi. Kutsogolo ndinapeza ina imene ikadali ndi boyila. Ndinadikira pageti mpaka nthawi ya nkhomaliro, pamene anatuluka bambo wina wakuda ndi fumbi mpaka m'zikope. Ndinamupempha chibuluma chimodzi cha malasha.

"Mayi, n'chamankhwala?" anafunsa.

"N'cha bambo anga," ndinatero. Kaya anamva chiyani, koma analowa n'kubwera nacho m'jumbo.

Kunyumba ndinasoka kansalu ka khaki kotsala pa yunifolomu, n'kukulunga, n'kumanga mfundo zitatu. Bodza ndinali nditalikonza bwino mu minibasi. Ndinagwada pafupi ndi bedi lawo.

"Ababa, dalaivala uja wabwera nazo. Wakatola pakhomo penipeni pa mgodi wanu."

Anadzuka movutikira n'kutsamira khoma. Anamasula mfundo zija osafulumira. Anachitembenuza chibulumacho, kuchiyeza kulemera m'dzanja, kuchikanda ndi chikhadabo, kuchinunkhiza. Kenako anaseka. Kuseka kwake kunasanduka chifuwa, ndinachita kuwasisita pamsana.

"Iwe," anatero atapeza mpweya, "ine ndathira malasha zaka zingati? Awa ndi a ku Tete. Taona kung'anima. Athu anali ofiirira, olemera, amwala, a boyila ankawadandaula. Awa wawatenga ku Chirimba."

Anachibwezera m'kansalu kaja.

"Usandinamize, mwananga. Bodza la nkhani imeneyi ndinanena kale ine, lakwana."

"Pepani, ababa. Ndinawotcha bambo anga aang'ono. Ndinakugwirani dzanja."

"Unandigwira, inde. Uli ndi mphamvu ngati amayi ako." Anaika chibulumacho pa bedi. "Iwe unalakwa tsiku limodzi. Ine anakhala pa kabati panga zaka zonsezi, basi ya ku Muloza, kumalire kuja, ikunyamuka pa Limbe tsiku lililonse."

Anandibwezera malasha a ku Tete aja n'kunena kuti ndikapatse wosula zitsulo kumsika, asawonongeke. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, kuti tizingokhala nacho chisoni chathu mpaka tsiku lawo. Koma m'mawa mwake, ndikuwapatsa madzi osukusula, anandigwira mkono.

"Dokotala uja anati muno muli chiyani?" Analoza pachifuwa.

"Fumbi, ababa."

"Fumbi la chiyani?"

"La malasha."

"Anati lituluka?"

"Anati silituluka."

"Eya." Anagwedeza mutu ngati munthu amene wagwirizana ndi mtengo wa chinthu pamsika. "La boyila lilimo, koma loyamba kulowa ndi la mgodi uja. Masiku amene tinkamukumba ndinameza lambiri, la pamalo pomwepo. Ndiye malasha ake ndikadali nawo. Amenewa sungawotche." Anapuma. "Ndikafa usandiike kuno. Undipititse kwathu, pafupi ndi amayi. Ukatero wamufikitsa."

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinayankha mokoma. Ayi. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi mapepala a pamalire, galimoto, mudzi umene sindinaupondepo, abale amene sindikuwadziwa, chinenero chimene sindilankhula, pamene manda a ku Bangwe ali pompano, amayi ali komweko, ndipo malo a pambali pawo tinali titasungira iwowa. Ndinati, "Ababa, inu simutopa kunditumatuma?"

"Kwatsala kamodzi," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo anayambanso kudya. Sikuti anachira, ayi, chifuwa chinkangoipiraipira, koma nkhope inamasuka. Ankandiphunzitsa njira: ukawoloka malire utsike pati, ufunse banja liti, mtengo wa mango uli mbali iti ya manda. Ndinkalemba kuseri kwa buku la miyeso ya makasitomala. Dzina la mng'ono wawo lokha anakana kulitchula. Anapempha pensulo n'kulilemba okha, zilembo zokhotakhota, n'kupinda pepalalo. Anati ndidzalitsegule tikadzafika.

Anakhala miyezi ina isanu. Miyezi imeneyo inali yowawa kuposa yonse, sindikufuna kuikamba. Anamwalira Lachisanu m'mawa, mvula itangoyamba kumene.

Achimwene pafoni anati zopita kutsidya n'zosatheka, munthu wakhala ku Blantyre moyo wake wonse, aikidwe pafupi ndi mkazi wake. A kumpingo anatinso chimodzimodzi. Ndinawauza achimwene kuti amene anatsuka kachitini ndi amene anene, ndipo ngati akufuna kutsutsa akwere basi abwere adzatsutsire pano. Sanabwere. Ndinayenda m'maofesi masiku awiri, uku andibweza, uku akuti bwana watuluka, mpaka mapepala anatheka. Tinanyamuka pa lole yaing'ono, ine, amuna anayi a kumpingo, ndi mayi wa tomato, amene anakwera osaitanidwa n'kukhala pafupi ndi bokosi njira yonse osatsegula pakamwa.

Kutsidya msewu unali matope okhaokha. Tinakankha lole kawiri. Njira ya ababa inali yolondola, kungoti mtengo wa mango unadulidwa. Uthenga unali utatsogola, ndiye tinapeza anthu atasonkhana, manda atakumba kale. Anandilandira bwino anthu amene sanandionepo, ena akundigwira nkhope n'kumati mphuno ndi ya kwathu. Pepala lija ndinali nalo m'thumba la siketi, ndipo ndinali ndisanaganize kuti ndiyambira pati.

Anandilowetsa m'nyumba mmene munali azimayi, n'kundikhazika pafupi ndi gogo wina wowonda, wa maso oyera ndi ng'ala. Anati awa ndi azakhali ako, mlongo wawo wa abambo ako, atsala okha. Anandipapasa manja, n'kulira pang'ono. Kenako anandiyandikira n'kufunsa m'Chichewa chawo chopotoka:

"Nanga mng'ono wake uja wa ku Joni mwamuuza? Abwera?"

Ndinatulutsa pepala lija, ndinalitambasula, ndipo ndinawerenga dzinalo mokweza, koyamba m'moyo wanga.

"Wabwera, azakhali," ndinatero. "Ali m'bokosi lomwelo."